Luso la Mawati 2.5

Tengani pulagi ya USB ya mtundu wakale, ya makona anayi ija imene ili kumutu kwa fulashi kapena kwa waya wa tchaja, muisuzumire mkati pamalo owala. Muona kalilime ka pulasitiki, ndipo pakalilimepo pagona timizere tinayi tachitsulo tonyezimira. Tiwiri tapakati n'tatifupi, tiwiri tam'mbali n'totalikirapo ndi milimita imodzi yokha. Sikuti makina a kufakitale anaphonya muyeso. Timizere tam'mbali ndi ta magetsi, tapakati ndi ta uthenga, ndipo tam'mbalito anatitalikitsa dala kuti polowetsa pulagi magetsi aziyamba kufika, chipangizo chidzuke, uthenga uzibwera pambuyo. Pozula, uthenga ndi umene umayamba kuduka. Pachikuto chachitsulo pali timabowo, ndipo timasipuling'i ta m'soketi ya kompyuta timagwera m'menemo n'kuigwira pulagi kuti isapulumuke.

Mukasenda waya wake mupeza timawaya tinayi. Koyera ndi kobiriwira n'topotana, ndipo ntchito yake ndi kunyamula uthenga. Kofiira kamabweretsa mavoti 5, kakuda ndi kobwerera. Makampani 7 amene anagwirizana zopanga USB, yomwe inatuluka mu 1996, anali Intel, Microsoft, IBM, Compaq, DEC, Nortel ndi NEC ya ku Japan, ndipo m'maganizo mwawo munali kiyibodi, mausi ndi pulinta. Magetsiwo anawaikapo kuti tizipangizo ting'onoting'ono tisamafune mabatire, n'kulamula kuti chipangizo chimodzi chisakoke oposa theka la ampu. Mavoti amayeza mphamvu imene ikukankha magetsi, ma ampu amayeza kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda, ndipo mukachulukitsa ziwirizi mumapeza mawati. Apa ndiye kuti mawati 2.5. Ketulo ya magetsi ya kukhitchini kwanu imadya mawati pafupifupi 2,000, kuwirikiza ka 800.

Magetsi ochepa chonchi ambiri akanangowanyalanyaza. Koma ku Akihabara, dera la mu Tokyo limene linasanduka msika wa zamagetsi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, pamene anthu ankagulitsa zida za wailesi m'timasitolo topanikizana pansi pa mlatho wa njanji, amalonda anaona china. Anaona soketi imene ili padesiki ya wantchito aliyense wa muofesi, pafupi ndi manja ake, yoyaka tsiku lonse, yofanana kulikonse padziko. Kampani ya Thanko, imene Hiroyasu Yamamitsu anayambitsa mu 2003 ndipo sitolo yake anaitcha Rare Mono Shop, ndi imene inatchuka kwambiri ndi katundu wotere: magolovesi otentha, masilipasi ofunditsa mapazi, tayi ya kafani pamfundo, khushoni yopititsa mphepo pampando, chikwama choti chakudya cha masana chisazizire. Chilichonse chili ndi waya wothera pa pulagi ija.

Zinthu zimenezi zimaseketsa, ndipo eni ake amadziwa kuti zimaseketsa. Ena amazisokoneza ndi chindogu, masewera amene Kenji Kawakami anayambitsa m'zaka za m'ma 1980, opanga zipangizo zooneka ngati zothandiza koma zoti palibe angazigwiritsedi ntchito. Komatu limodzi mwa malamulo a chindogu ndi lakuti chinthucho chisagulitsidwe. Za USB zimagulitsidwa, ndipo zambiri zimagulidwa chifukwa cha vuto lenileni. Mu 2005 unduna woona zachilengedwe ku Japan, nduna yake ali Yuriko Koike, unayambitsa kampeni ya Cool Biz, yopempha maofesi kuti m'nyengo yotentha makina oziziritsa aziwaika pa madigiri 28. Inatsatana ndi Warm Biz, yoti m'nyengo yozizira azilekezera pa madigiri 20. Cholinga chinali kupulumutsa magetsi. Koma August wa ku Tokyo ndi wotentha ndiponso wachinyezi, January ndi wozizira ndiponso wouma, ndipo kalaliki sangakhudze makina a ofesi yonse. Chimene ali nacho ndi mawati 2.5 ake aja, ndipo luso lonse lagona pa kudziwa powaika. Kuli ngati kuphika nsima ndi chikuni chimodzi: moto wonse ugunde pansi pa mphika, wina usathawire kumbali.

Pa magolovesi masamu ake ndi oonekeratu. Thupi la munthu amene wangokhala limatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100, choncho mawati 2.5 sangafunditse munthu yense. Koma kukazizira thupi limafinya timitsempha ta magazi ta m'manja ndi m'mapazi kuti lisunge kutentha pachifuwa ndi m'mimba, n'chifukwa chake zala ndi zimene zimayamba kuchita dzanzi munthu akamalemba pakompyuta. Dzanja ndi laling'ono. Mawati awiri amalikwana, bola asatayike.

Kunja kwake golovesiyo ndi yoluka ndi ulusi wamba, zala zake zodulidwa pakati kuti nsonga za zala zizigunda mabatani momasuka. Mkati muli kathumba, ndipo m'kathumbamo muli kapepala kakuda, kopyapyala, kopindika mosavuta. Ntchito yonse ili m'kapepala kameneka. Ndi ulusi wa kaboni, kapena kawaya kopyapyala, komatidwa pakati pa nsalu kapena timapepala tiwiri ta pulasitiki. Kaboni amalola magetsi kudutsa, koma movutikira, ndipo kuvutikirako ndi kumene kumasanduka kutentha. Akatswiri amakuyeza ndi ma ohm. Kuti chinthu chidye mawati 2.5 ndendende pa mavoti 5, chiyenera kukhala cha ma ohm 10. Wopanga akafupikitsa ulusiwo, ma ohm amachepa, magetsi amathamanga ochuluka, kompyuta n'kutseka soketi podziteteza. Akautalikitsa mopyola, golovesi imangoti fundefunde, yopanda phindu. Utali ndi kunenepa kwa ulusi ndiye muyeso wonse. Amauyala mokhotakhota, mizere yotalikirana mofanana, kuti pasakhale malo amodzi otentha kuposa anzake. Ndipo poti kaboni sagwira mtovu wowotcherera, amaulumikiza ku waya poufinya ndi kachitsulo. Golovesi yotchipa imayambira kufa pamfundo imeneyi, chifukwa dzanja limapinda ndi kutambasuka tsiku lonse.

Palinso tinzeru tina tosaonekera msanga. Mitundu ina ili ndi mapulagi awiri, dzanja lililonse ndi soketi yake, chifukwa soketi imodzi ikagawira manja awiri onse amatsala ozizira. Pamkono pamakhala kajaki kozuka mosavuta, kuti abwana akaitana mwadzidzidzi munthu aimirire osakoka laputopu n'kuigwetsa pansi. Kajaki komweko kamalola kuti uchotse kapepala kaja n'kuchapa golovesi. Mavoti 5 sangamugwire munthu, ndi ochepa kwambiri kuti adutse pakhungu. Ngozi yake ndi ina: chinthu cha madigiri 44 okha chikagona pakhungu kwa maola angapo chimawotcha pang'onopang'ono mwini wake osamva kupweteka. Anthu a ku Japan amalidziwa bala limeneli chifukwa cha mabotolo a madzi otentha ndi timapaketi tofunditsa timene amaika m'matumba, ndipo n'chifukwa chake wopanga wosamala amaika nsalu pakati pa kapepalako ndi khungu, n'kulemba chenjezo loti munthu asagone atavala.

Kutenthetsa n'kosavuta, chifukwa wati iliyonse imene yalowa imasanduka kutentha. Kuziziritsa ndiye kumafuna kuchenjera. Taonani tayi ya Thanko. Mfundo yake si yomanga ndi manja, ndi kachikuto kobisa kafani, ndipo waya wake amatsika pachifuwa kupita ku kompyuta. Kafaniko kamakoka mpweya kutsogolo n'kuuponyera kukhosi. Sikaziziritsa mpweya ngakhale pang'ono. Chimene kamachita ndi kuchotsa mpweya umene wakhuta chinyezi pakhungu n'kubweretsa wina, kuti thukuta liume. Galamu imodzi ya thukuta ikauma imachoka ndi kutentha kwa majulo pafupifupi 2,400, pomwe wati imodzi ndi julo imodzi pa sekondi. Kuti soketi ya USB itulutse majulo ochuluka chomwecho pamafunika mphindi 16 zathunthu. Ndiye kuti ntchito yoziziritsa ikugwiridwa ndi thupi lenilenilo, kafani kakungolitsegulira njira. Hiroshi Ichigaya, injiniya amene kale ankagwira ntchito ku Sony, anamanga kampani ya Kuchofuku pa mfundo yomweyi. Majekete ake okhala ndi timafani tiwiri m'chiuno anayamba kugulitsidwa mu 2004, lero amisiri omanga ambiri ku Japan amavala zovala zotere, ndipo panatulukanso malaya olumikiza ku USB. Choseketsa n'chakuti Cool Biz inauza amuna kuti avule matayi. Tayi ya kafani ndi ya munthu amene boma lamulola kuvula koma makasitomala ake sanamulole.

Kamota kamene kamazunguza timafani totchipa ndi koyenera kukatsegula. M'kachikuto kachitsulo muli maginito awiri opindika. Pakati pali kandodo kachitsulo kokhala ndi timikono titatu, kalikonse kokulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala, wopakidwa vanishi kuti mizere yake isakhudzane. Kumapeto kwa kandodoko kuli kamphete ka kopa kodulidwa patatu, ndipo tizitsulo tiwiri tofewa timakhula pakampheteko n'kumalowetsa magetsi. Magetsi akalowa, kamkono kamasanduka maginito n'kukokedwa. Kakangofika pamene kamakokedwera, kamphete kamakhala katazungulira kale, magetsi asintha njira, ndipo kamkono kaja kayamba kukankhidwa. Bwanji timikono titatu, osati tiwiri? Chifukwa tikakhala tiwiri pali malo amene kamota kakaima sikangadzukenso kokha. Tikakhala titatu, kaime paliponse, kamodzi kamakhala pamalo okokedwa. Kampani ya Mabuchi Motor, ya mumzinda wa Matsudo, imapanga timamota ta mtundu umenewu toposa 1 biliyoni pachaka.

Koma chimene chimandigometsa kuposa zonse ndi kachipangizo kopopera chinyezi. M'nyengo yozizira mpweya wa mu ofesi umauma, kukhosi kumakanda, maso amalasa. Njira yachikale ndi kuwiritsa madzi kuti nthunzi idzaze m'chipinda. Tawerengani: mawati 2.5 pa ola lathunthu ndi majulo 9,000, ndipo kusandutsa galamu imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumadya majulo 2,260. Mungapeze magalamu 4 okha pa ola, osadzaza n'kasupuni ka tiyi komwe. Njira imeneyo ndi yotsekeka. Opanga anangosiyiratu kuwiritsa n'kuyamba kuwaswa madziwo.

Kachipangizoko kamakhala pakamwa pa botolo la madzi akumwa. Pansi pake pamalendewera kandodo ka thonje lopanikizidwa, kamene kamamira m'madzi, ndipo madzi amakwera okha m'timipata ta thonjelo popanda pampu. Kasipuling'i kamakankha kandodoko kuti mutu wake wonyowa uzikhudza kambale kachitsulo kopyapyala, kotambalala masentimita osaposa awiri. Pakati pa kambaleko pali timabowo mazanamazana, kalikonse kochepa kwambiri kuposa tsitsi, kotambalala pansi n'kupanikizika pamwamba. M'mbali mwake amamatamo kamphete ka dongo lapadera lowotcha, limene limafufuma ndi kunyala magetsi akamasinthasintha njira. Tizida ta mkati timakweza mavoti 5 aja n'kumawatembenuza maulendo oposa 100,000 pa sekondi. Kambale kamanjenjemera mwaliwiro loti khutu silimva, diso silionanso, ndipo pa kunjenjemera kulikonse madzi amafinyidwira m'timabowo n'kutuluka pamwamba ali timadontho touluka. Mumaona nkhungu ili tolo, mukaikapo chala n'kupeza kuti ndi yozizira. Mwa njira imeneyi mawati awiri amaulutsa mamililita makumi angapo pa ola. Chofooka chake chili pa timabowo tomweto: mchere wa m'madzi umatitseka, ndipo chilichonse chimene chili m'botolo, chabwino kapena choipa, chimaulukira m'mphuno. Kandodo ka thonje kamafuna kusinthidwa, botolo limafuna kutsukidwa.

Kafiriji kolowa chitini chimodzi cha zakumwa ndi kokongola, koma pano ndiyenera kunena mosabisa kuti kamalonjeza zimene sikangathe. Mkati mulibe gasi kapena injini. Muli kambale kotchedwa dzina la Jean Peltier, Mfalansa amene anali wokonza mawotchi, yemwe mu 1834 anapeza kuti magetsi akamadutsa polumikizana zitsulo ziwiri zosiyana, malowo amatentha kapena kuzizira malinga ndi kumene magetsiwo akulowera. Kambale kamakono ndi timapepala tiwiri toyera ta dongo lowotcha, ndipo pakati pake pandandalikidwa timiyala ta bismuth telluride ta mitundu iwiri, mosinthanasinthana, tolumikizidwa ndi tizidutswa ta kopa kuti magetsi adutse m'kalikonse motsatana. Magetsi amanyamula kutentha kuchoka kunkhope imodzi n'kukakutula kunkhope inayo. Mukatembenuza mawaya, kozizira kumasanduka kotentha, n'chifukwa chake chipangizo chimodzi chimatha kuziziritsa zakumwa kapena kufunditsa khofi. Kunkhope yotenthayo amamatako chitsulo cha aluminiyamu cha timapiko ndi kafani, apo ayi kutentha kumabwerera kumene kwachokera. Vuto ndi chitini. Kutsitsa mamililita 350 ndi digiri imodzi kumafuna kuchotsa majulo pafupifupi 1,470, kutanthauza mphindi 10 kapena kuposa pa digiri iliyonse, uku kutentha kwa m'chipinda kukulowanso. Kafiriji kamangochedwetsa chakumwa chozizira kale kuti chisafunde msanga. Nzeru inabwera pamene anachotsa chitini n'kuika kambaleko pakhosi pa munthu, pamene khungu limamva kuzizira m'masekondi ochepa. Thanko inapanga zovala m'khosi zotero, ndipo Sony inatulutsa Reon Pocket mu 2020, kachipangizo kokhala kumsana m'munsi mwa khosi.

Ndiye pali zina zimene sizithetsa vuto lililonse. Kampani ya Cube Works inapanga kagalu ka pulasitiki kamene mukakalumikiza kamayamba masewera olimbitsa minofu ya pamimba, kudzuka ndi kugona chagada osapuma mpaka mutakazula. Mkulu wa kagaluka, amene anatchuka m'mayiko ambiri, amachita zimene agalu amachita pa nyengo yawo, zosati n'kuyatsa apongozi ali pomwepo. Nthabwalayo ndi ya mphindi imodzi, koma zidole zotere zili ndi umisiri wake. Kamota kamazungulira maulendo masauzande pa mphindi, liwiro loti kagalu kakanangonjenjemera. Choncho kagiya kakang'ono ka pakandodo ka mota kamaluma giya yaikulu, pamsana pa yaikuluyo pali ina yaing'ono yoluma yaikulu yachiwiri, ndipo pa sitepe iliyonse liwiro limatsika, mphamvu n'kukwera. Pagudumu lomaliza pali kamsomali koikidwa pambali, osati pakati, kolowa m'kampata ka m'thupi la galuyo. Gudumu likazungulira kamodzi, kamsomali kamakwera n'kutsika, galu n'kuwerama kamodzi. Zonsezi zimakwana m'chinthu chotalika masentimita ochepa, ndipo pulagi yomweyo ndi imene imanyamula kulemera kwa chidole chonse.

Manja a munthu amaonekera kwambiri pa fulashi yooneka ngati sushi, chakudya cha ku Japan cha kampunga koumbidwa ndi zala, pamwamba pake atagonekapo kanyama ka nsomba yaiwisi. Kampani ya SolidAlliance ya ku Tokyo inatulutsa mafulashi amenewa, otchedwa SushiDisk, m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo luso lake linachokera kwa amisiri opanga zakudya zachiphamaso zimene malesitilanti a ku Japan amaika pawindo kuti wodutsa aone chimene angaitanitse. Ntchito imeneyi anaikulitsa ndi Takizo Iwasaki, wa ku Gujo Hachiman, amene anatsegula kampani yake ku Osaka mu 1932. Poyamba ankagwiritsa ntchito phula, koma phula limasungunuka padzuwa ndiponso limasweka, motero patapita zaka anasinthira ku pulasitiki.

Mmisiri amayamba ndi chakudya chenicheni. Amatenga kanyama ka nsomba kodulidwa mmene wophika amadulira, n'kukagoneka m'kabokosi, n'kuthirapo silikoni yamadzi, mtundu wa labala yofewa imene imalowa m'kamzere kalikonse isanalimbe. Ikalimba amachotsa nsombayo, ndipo chotsala ndi chikombole chimene chasunga chilichonse, ngakhale njira imene mpeni unadutsa. M'chikombolemo amathiramo pulasitiki yamadzi yosakaniza kale ndi mtundu woyambira, n'kuonetsetsa kuti mulibe timathovu, chifukwa kathovu kamodzi kamasiya dzenje pankhope ya nsomba. Amaika mu uvuni kuti iume. Ikatuluka amaisadza m'mbali ndi sizasi, kenako n'kuyamba kupenta, ndipo apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wophunzira. Kamfuti kopopera penti kamayala mtundu pang'onopang'ono, kansalu kopyapyala pamwamba pa kanzake, kuti kufiira kwa nsomba ya tuna kuzioneka kochokera mkati mwa nyama. Timizere toyera ta mafuta a salimoni amatijambula ndi kabulashi kosongoka. Pomaliza amapaka vanishi, ndipo nayonso ili ndi muyeso: nsomba iyenera kunyezimira monga yonyowa, dzira lokazinga liwale pang'ono chabe.

Mpunga ndiye umandisangalatsa. Mwachidule akanatha kuumba chibuma chimodzi choyera cha timabampu, koma diso la munthu wodya mpunga tsiku ndi tsiku silinganamizidwe choncho. Amisiri a ntchito imeneyi amapanga njere za pulasitiki payokhapayokha, n'kuzisakaniza ndi guluu, n'kuziumba m'manja monga mmene wophika sushi amaumbira mpunga weniweni, mofinya pang'ono kuti pakati pa njere patsale timipata. Timipata timeneti timagwira mthunzi, ndipo mthunziwo ndi umene umachititsa kuti chinthucho chizioneka chodyedwa. Palibe ziwiri zimene zimatuluka zofanana ndendende.

M'mimba mwa sushiyo mumalowa kabolodi kobiriwira, pulagi yokha n'kutsala panja. Pakabolodipo pali tizidutswa tiwiri takuda timene akatswiri amati chip. Kena ndi nkhokwe, kena ndi kapitawo wolandira ndi kutumiza uthenga. Nkhokweyo nayonso ndi ya ku Japan: Fujio Masuoka anaitulukira ali ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Imatsekera timagetsi m'tizipinda tosaoneka ndi maso, totchingidwa mbali zonse, moti ngakhale muzule fulashi n'kuisunga m'thumba chaka chathunthu, timagetsito timakhalabe momwemo, ndipo kukhalapo kapena kusakhalapo kwake ndiko zithunzi ndi makalata anu.

Pa zonse zimene tazionazi, sushi yokha ndi imene imagwiritsa ntchito timawaya tonse tinayi, ndipo ndi yokhayo imene ili ndi ulemu. Ikangolowa, kachida ka ma ohm 1,500 kamakweza magetsi pa kamodzi ka timawaya ta uthenga, ndipo kompyuta imadziwa kuti kwabwera mlendo. Imamupatsa nambala, n'kumufunsa kuti ndi ndani, wapangidwa ndi yani, ntchito yake ndi yotani, ndipo akufuna magetsi ochuluka bwanji. Malamulo a USB amati asanaloledwe asakoke oposa mamiliampu 100, gawo limodzi mwa magawo asanu a theka la ampu lija. Magolovesi, tayi ndi kagalu salonjera, sapempha. Mawaya awo nthawi zambiri amakhala ndi kofiira ndi kakuda basi, amangolowa n'kuyamba kudya, kompyuta osadziwa n'komwe kuti alipo. Zimatheka chifukwa makompyuta ambiri amangosiya mavoti 5 ali chiyakire, n'kuika kamlonda kamene kamadula magetsi pokhapokha wina akakoka mopyola muyeso. Malonda onsewa anamera pa kulekerera kumeneku.

Malire aja anasuntha. USB 3.0 ya mu 2008 inafika pa mawati 4.5, ndipo pulagi yatsopano ya USB-C imatha kupereka mawati 100, kapena 240 kuyambira mu 2021. Zipangizo zambiri za ku Akihabara tsopano zimadya ku power bank, ndipo zina zimafuna magetsi oposa amene soketi yakale ingapereke. Choncho china chikakupezani, kaya ndi kafani, kanyale kapena magolovesi, chitembenuzeni muwerenge timalemba ta kumsana musanachilumikize. Pakalembedwa 5V 500mA, soketi iliyonse ya kompyuta ichikwanitsa. Pakalembedwa 1A kapena 2A, chipatseni tchaja ya foni kapena power bank, laputopu yanu muisiyire fulashi ndi mausi.